Zilembo 64 zimene zinaikira umboni mawu a agogo

Tsiku limene msuweni wanga anaponya uthenga uja pa gulu la WhatsApp la banja lathu, tonse tinamuseka. Unali mzere umodzi wautali wa zilembo ndi manambala osakanikirana, zopanda mutu, ngati zimene mwana amalemba akatola foni ya mayi ake. Pansi pake anangowonjezera kuti: “Uthenga uwu musaufufute. Ndi chidindo cha kanema wa agogo.”

Amalume aang'ono, amene amakhala ku Johannesburg, anayankha msanga: “Kodi foniyo yagwera m'madzi?” Mayi anga anafunsa ngati anali mayunitsi a magetsi. Ine ndinangoika kankhope koseka n'kupitiriza zanga. Ndili ndi kachikanda kotumizira ndi kutapitsa ndalama za pafoni pa Ntcheu boma, moti manambala ndimagona nawo n'kudzuka nawo, koma amenewa sanandiuze kanthu.

Patatha miyezi 11, mzere womwewo ndi umene unandichotsera mbiri ya ukathyali pamaso pa abale anga.

Kanema wa agogo

Kwathu ndi kufupi ndi Tsangano, kumtunda kozizira kuja kumalire ndi Mozambique, kumene kachewere ndi kabichi ndiye ndalama. Agogo aakazi, mayi awo a mayi anga, anali ndi munda waukulu kumtunda komanso dimba la m'mphepete mwa mtsinje, losauma ngakhale mu October. Pabanja aliyense ankadziwa kuti chuma chenicheni ndi dimbalo, chifukwa munthu amakolola kangapo pachaka n'kugulitsa kwa mavenda opita ndi katundu ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

M'mwezi wa June, agogo atayamba kufooka, anaitanitsa ana awo pamodzi ndi anyakwawa. “Ndiyankhule ndikadali ndi mpweya,” anatero, “kuti mawa musadzandinamizire.” Anyakwawa anavomera kuti, “Mwachita bwino aNangozo, nenani tikumva.”

Msuweni wanga, mwana wa amalume aakulu, amaphunzira za makompyuta ku Blantyre ndipo nthawiyo anali patchuthi. Anatsamiritsa foni pa mtondo n'kuyamba kujambula. Agogo sankafulumira. Ankati akatchula malire a munda, n'kupatukira ku njala ya 2002, kenako n'kukalipira nkhuku, kenako n'kubwereranso ku nkhani. Kanemayo anatenga mphindi 41 ndipo anali wa 3.1 GB.

Amalume a ku Joni panalibe. Kuwatumizira kanema yense kunakanika: WhatsApp salola fayilo yoposa 2 GB, ndipo ngakhale akanalola, bandulo yake akanagula ndani? Tinangosunga kope imodzi pa laputopu ya msuweni, ina pa memore khadi yanga. Madzulo ake iye anakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki n'kutumiza mzere uja.

Cholakwa chinali changa

Agogo anatisiya mu May chaka chotsatira. Amalume aang'ono sanathe kubwera kumaliro chifukwa cha mapepala. Titasesa, anamva kuti dimba latsala m'manja mwa mayi anga ndi ang'ono awo aakazi, monga mwa mwambo wakwathu. Zinawawawa, ndipo m'pomveka, chifukwa kwa zaka zambiri ndalama ya feteleza wa dimba limenelo inkachokera m'thumba mwawo.

Anandiimbira. “Mphwanga, unditumizire mawu a mayi ndimve ndekha.”

Apa ndi pomwe ndinaphonya. Pofuna kupulumutsa bandulo, ndinasaka pamene agogo akutchula dimba, ndinadula mphindi zitatu n'kutumiza. Kadukako kanayambira pakati pa chiganizo n'kuthera pakati pa china.

Yankho linabwera pagulu, aliyense akuona. “Kanemayu wadulidwa. Zomwe mwachotsazo zikuti chiyani? Masiku ano pa kompyuta amayankhulitsa ngakhale womwalira.” Nditati ndiwatumizira yense pa fulashi, anati: “Ndidziwa bwanji kuti simunamukonze? Mwakhala naye pafupifupi chaka, inuyo ana a anthu amene mwapindula.”

Abale inu, mawu amenewa anandilasa. Ntchito yanga ndi yosunga ndalama za anthu, ndipo chimene ndimagulitsa kwenikweni ndi kukhulupirika. Mphekesera yoti uje anakonza kanema kuti alande dimba ikanachoka ku Tsangano n'kufika pa boma lisanathe sabata.

Usiku womwewo msuweni anandiimbira. Pachisuweni amanditchula kuti amuna anga. “Amuna anga, mwazipala nokha izi. Koma uthenga uja munkandiseka nawo ulipobe?” Ndinapita m'mbuyo pagulu paja mpaka ndinaupeza, tsiku lake ndi nthawi yake zili pompo, yankho la amalume la foni yogwera m'madzi lili pansi pake. “Basi,” iye anatero, “Loweruka ndikubwera.”

Chigayo chotulutsa kapu imodzi

Anafika ndi laputopu, tinakhala pa benchi kuseri kwa kachikanda kanga. Funso langa loyamba linali limene mwina nanunso muli nalo: zilembo 64 zingaimire bwanji kanema wa mphindi 41?

Anayamba ndi chigayo. Ukathira ndowa imodzi ya mphale, umatenga ufa wa ndowa imodzi. Ukathira matumba 10, umafuna ngolo. Tsono yerekeza, iye anati, chigayo china chimene kaya wathira njere imodzi kaya lole yathunthu, chimatulutsa kakapu kamodzi basi, kodzadza chimodzimodzi. Ukathiranso chimanga chomwecho mawa, pa chigayo china cha mtundu womwewo ku Lizulu kapena ku London, kakapu kake kamatuluka kofanana ndendende. Koma ukachotsapo njere imodzi yokha, za m'kakapumo zimasinthiratu.

Akatswiri masamu amenewa amawatchula kuti hash. Msuweni amangoti chidindo, potengera chidindo cha chala chimene tinadinda polembetsa ziphaso za unzika mu 2017. Munthu kaya ndi wamtali kaya ndi wamfupi, chidindo chake chimakwana pakabokosi komweko. Chimakuuza ngati munthu amene waima apayu ndi yemwe uja, koma sungatenge chidindo n'kuumba nacho munthu.

Mtundu umene iye anagwiritsa ntchito ndi SHA-256, umene bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linatulutsa mu 2001. Nambala ya 256 ikunena kutalika kwa chotuluka: mabiti 256. Biti ndi kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga mu kompyuta, 0 kapena 1. Polemba kuti anthu awerenge, mabiti anayi amaimiridwa ndi chizindikiro chimodzi, kuyambira 0 mpaka 9 ndi a mpaka f. Gawani 256 ndi 4, mupeza 64. N'chifukwa chake mumzere uja simungapezemo g, m kapena z.

Kuti ndikhulupirire, anandionetsa. Analemba zilembo zitatu, abc, ndipo kunatuluka izi:

ba7816bf8f01cfea414140de5dae2223b00361a396177a9cb410ff61f20015ad

Kenako sanalembe kalikonse, anangopatsa chigayocho fayilo yopanda kanthu. Kunatulukabe izi:

e3b0c44298fc1c149afbf4c8996fb92427ae41e4649b934ca495991b7852b855

Werengani nokha, zonse ndi 64. Mukayesa pa foni yanu mupeza zomwezi, bola abc akhale wa zilembo zazing'ono ndipo musawonjezere mpata kapena kutsikira mzere wina. Atalowetsa kanema wa agogo, laputopu inaganiza kwa kanthawi n'kutulutsanso zizindikiro 64, zofanana ndi zija za pagulu. Kenako anapanga kope ina ya kanemayo, anadulako sekondi imodzi kumapeto, n'kuyesanso. Mzere unatuluka wachilendo kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Anati ngakhale usinthe biti imodzi yokha, pafupifupi theka la mabiti otuluka limatembenuka.

Mitundu ina ili ndi kapu yake yake. MD5, imene Ronald Rivest anapanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imatulutsa mabiti 128, zomwe ndi zizindikiro 32. SHA-1 ya mu 1995 imatulutsa mabiti 160, zizindikiro 40. SHA-512 imatulutsa mabiti 512, zizindikiro 128. Choncho munthu wozolowera akangowerenga kutalika kwa mzere amayamba kale kuganiza kuti wachokera ku chigayo chiti.

Kodi chigayochi sichidzadza?

Ife a mafoni malire tinawazolowera. SMS imodzi imathera pa zilembo 160. WhatsApp anatikanira pa 2 GB. Mafulashi ambiri, aja okonzedwa mwa FAT32, amakana fayilo yofika 4 GB ngakhale malo alipo. Ndiye ndinafunsa kuti, nanga kanemayu akanakhala wa tsiku lonse, chidindochi chikanakwanitsa?

Msuweni anati malire alipo, koma kuti ndiwamvetse ndidziwe kaye mmene chigayocho chimadyera. SHA-256 simeza fayilo yonse nthawi imodzi. Imatapa mabaiti 64 okha, ngati mayi wothira mphale ndi kambale, n'kuwasakaniza maulendo 64 ndi zimene zinatsala pa kambale kapitako, kenako n'kutapanso. Kanema wa agogo anali timbale toposa 48 miliyoni. Chifukwa chotapa pang'onopang'ono chonchi, ngakhale foni yotchipa imatha kudinda fayilo yaikulu popanda kutsamwa.

Tsono pa kambale komaliza, SHA-256 imalembapo kutalika kwa fayilo yonse, ngati mmene ndimalembera chiwerengero pansi pa tsamba la m'kaundula wanga madzulo. Bokosi lolembamo kutalikako ndi la mabiti 64. Nambala yaikulu kwambiri yokwana m'bokosi limenelo ndi 18,446,744,073,709,551,615. Amenewo ndiwo malire: fayilo isapose mabiti ochuluka choncho. Zili ngati mita ya makilomita pa njinga yamoto ya kabaza. Ikakhala ya manambala asanu, siingalembe kupitirira 99,999.

Tinawerengera pa foni. Mabiti amenewo ndi ma GB pafupifupi 2.3 biliyoni. Kuti musunge fayilo yotero mungafunike mafoni a 64 GB oposa 30 miliyoni, onse odzadza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi muno, ndiye kuti ngakhale aliyense, ndi makanda omwe, atapereka foni yake, sitingafike. Agogo akanati azingoyankhula pa kamera yomwe ija osapuma, akanafunika zaka zoposa 50,000. Msuweni anaseka nati, mmene ankapatukira nkhani agogo aja, mwina akanayesa.

Mitundu ina nkhaniyi inaithetsa mosiyana. SHA-512 ili ndi bokosi la mabiti 128, moti malire ake ndi akutali kuposa pamenepa. MD5 ilibe malire enieni: mita yake ikadzadza imangoyambiranso pa ziro. SHA-3, imene NIST inavomereza mu 2015 pambuyo pa mpikisano umene anapambana akatswiri anayi, Guido Bertoni, Joan Daemen, Michaël Peeters ndi Gilles Van Assche, ilibe bokosi lotere n'komwe. Eni ake amaiyerekeza ndi chinkhupule: imamwa uthenga wautali mulimonse, kenako umaifinya. M'banja lomweli muli SHAKE128 ndi SHAKE256, zimene umasankha wekha kuti ufinye zizindikiro zingati.

Ndiye pa mafayilo amene ine ndi inu tingakhale nawo, kaya zithunzi za ukwati, kaya kanema wa Umhlangano wa ku Nkolimbo wa tsiku lonse, za malire a zolowa musade nazo nkhawa. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kutalika kwa chotuluka.

Nkhunda 11, zipinda 10

Ine mtima unali usanakhazikike. Ndinati, ngati mafayilo angakhale ochuluka mosawerengeka koma chidindo ndi cha zizindikiro 64 basi, ndiye kuti ena ayenera kugawana chidindo chimodzi. Amalume akadzafunsa zimenezi tidzati chiyani?

“Amuna anga, nzeru muli nazo, kungoti bandulo mumaumira,” anatero. Anavomera kuti n'zoona. Khola la nkhunda likakhala ndi zipinda 10 koma nkhunda zili 11, ziwiri zigona chipinda chimodzi, palibe kuchitira mwina. Funso ndi lakuti zipindazo ndi zingati, ndipo munthu angazipeze bwanji nkhunda ziwirizo. Khola la SHA-256 lili ndi zipinda zimene chiwerengero chake, mutachilemba, ndi nambala ya madijiti 78. Kumbukirani kuti biliyoni ili ndi madijiti 10 okha.

Komabe pali kamsampha. M'kalasi ya ana 23 okha, mwayi woti awiri anabadwa tsiku limodzi la pachaka umaposa theka, ngakhale masiku ali 365. Chimodzimodzi, wofuna mafayilo awiri alionse ogawana chidindo safunika kuyesa zipinda zonse. Mphamvu yeniyeni pa nkhani imeneyi ndi theka la mabiti: 128 pa SHA-256, 80 pa SHA-1, 64 pa MD5. Apa ndi pomwe kutalika kwa chotuluka kumaonetsa ntchito yake, chifukwa biti iliyonse yowonjezera pa mphamvuyi imachulukitsa kawiri thukuta la wachinyengo.

Zidindo zazifupi zija zinagwa kale, ndipo zinagwa msanga kuposa masamu amenewa chifukwa akatswiri anapezamo ming'alu. Mu 2004, Wang Xiaoyun wa ku China ndi anzake anaonetsa mauthenga awiri osiyana okhala ndi MD5 imodzi, ndipo lero laputopu wamba imachita zimenezi m'kanthawi kochepa. Pa 23 February 2017, akatswiri a ku Google ndi a bungwe la CWI la ku Amsterdam anatulutsa mafayilo awiri a PDF, osiyana pooneka, koma a SHA-1 imodzi. Pa SHA-256 palibe amene waonetsapo zoterezi.

Ndipo mlandu wanga unali wovutirapo kwa wachinyengo. Chidindo chinali chitatumizidwa kale miyezi 11 m'mbuyomo. Kuti ndinamize amalume, ndikanafunika kupanga kanema wabodza, wooneka ndi kumveka ngati agogo, amene chidindo chake chikugwera m'chipinda chimodzi chomwecho mwa zipinda zonse zija. Pamenepo ngakhale kamsampha ka masiku obadwa sikathandiza.

Chenjezo lake linali limodzi: poyerekeza, werengani zonse 64. Ambiri amangoyang'ana zinayi zoyambirira n'kuti zafanana. Zizindikiro zinayi zili ndi zipinda 65,536 zokha, zimene kompyuta imayesa mosavuta. Ukadula chidindo, wachepetsa khola ndi manja ako.

Fulashi ipita ku Joni

Tinakopera kanema yense pa fulashi n'kupatsira mnansi wathu amene ankabwerera ku Joni pa basi yodzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge. Msuweni analembera amalume mwaulemu: “Bambo aang'ono, ife musatikhulupirire. Pitani kwa munthu aliyense wodziwa kompyuta amene mwasankha nokha, mumuuze apeze SHA-256 ya fayiloyo, muyerekeze ndi uthenga umene uli mufoni mwanu kuyambira chaka chatha.”

Anapita kwa mnyamata wina wokonza mafoni kufupi ndi kumene amakhala, woti ife sitikumudziwa. Lamlungu masana anatiimbira pa vidiyo. Kuno tinali pakhonde la amalume aakulu, mayi anga atagwira foni yawo patali ndi maso monga amachitira akaiwala magalasi. Amalume ankawerenga zizindikiro zinayi, mayi n'kuvomera, kenako zinayi zina. Magulu 16. Pa gulu lachisanu ndi chinayi amalume anatchula b pomwe mayi ankaona 6, ndipo ine m'mimba munatentha. Anayandikitsa pepala kumaso. “Ayi, ndi 6, mnyamatayu kalembedwe kake.” Tinafika kumapeto popanda kusiyana.

Panali kafunso kena. Pa fulashi ndinali nditasintha dzina la fayilo kuchoka pa manambala aja imaika kamera n'kulemba kuti “Agogo”. Amalume anafunsa ngati zimenezo sizikanasintha chidindo. Msuweni anafotokoza kuti chigayo chimagaya za m'thumba, dzina lolembedwa kunja kwa thumba sichilikhudza.

Usiku umenewo amalume anaonera mphindi zonse 41. Chakumapeto, patadutsa nthawi kuchokera pomwe ine ndinadula, agogo anabwereranso ku nkhani ya dimba. Anati mwana wawo wa ku Joni asaiwalike: mbali ya munda yokhala ndi mitengo ya mapichesi ndi yake, ndipo tsiku limene adzabwerere, alongo ake adzamupatse ndime ziwiri m'dimbamo azilima moyo wake wonse. Ine mawu amenewa ndinali nditawaiwala. Ndinadula ndendende chimene amalume ankafunika kumva. Ndinawaimbira n'kupepesa, ndipo anangoti, “Wamva mphwanga, mawu a akulu sadula.”

Sindinganame kuti zonse zinatha pomwepo. Za ndalama za feteleza akuti tidzakambirana kwa anyakwawa akadzabwera mu December. Koma mawu oti kanema anakonzedwa sanamvekenso.

Zimene chidindo sichingachite

Mayi anga atangoona kuti zatheka anati, ndiye kanemayo tifufute pa memore khadi, poti nambala yake tili nayo. Ayi ndithu. Zizindikiro 64 ndi mabaiti 32 okha, sizingasunge 3.1 GB. Kanema akatayika watayika, chidindo chingotsala ngati kiyi wa nyumba yogwa.

Chachiwiri, chidindo sichinena kuti zili m'fayilo n'zoona. Chimangonena kuti fayilo iyi ndi yomwe ija, sinasinthe. Kanema wabodza nayenso ali ndi chidindo chake. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti msuweni anachitumiza tsiku lomwelo, mkangano usanabadwe, kwa munthu yemweyo amene anadzakayika.

Chachitatu, kanema si wilo. Lamulo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Kanema wathu anathandiza chifukwa nkhani inali ya malo a makolo ndipo anyakwawa analipo. Ngati makolo anu ali ndi nyumba, galimoto kapena ndalama ku banki, alimbikitseni alembe.

Chachinayi n'cha ife okonda WhatsApp. Mukatumiza chithunzi kapena kanema mwa nthawi zonse, WhatsApp amamufinya kuti achepe, ndiye wolandirayo amakhala ndi fayilo ina, ya chidindo china, ngakhale m'maso zikuoneka zofanana. Mukafuna kuti ifike momwe ilili, itumizeni ngati Document. Chosangalatsa n'chakuti WhatsApp yemweyo, mobisika, amagwiritsa ntchito SHA-256 poonetsetsa kuti zimene mwatumiza zafika zosaonongeka. Bitcoin nayonso inamangidwa pa chidindo chomwechi.

Pamene malire ali pafupi: pasiwedi

Pali malo amodzi pomwe malire a zolowa ndi aafupi moti mutha kuwagunda. Mawebusaiti osamala sasunga pasiwedi yanu momwe ilili. Amasunga chidindo chake, ndipo mukamalowa amadinda zimene mwalemba n'kuyerekeza. Pa ntchito imeneyi ambiri amagwiritsa ntchito bcrypt, imene Niels Provos ndi David Mazières anatulutsa mu 1999. Anaipanga dala kuti izichedwa, kuti wakuba woyesa mapasiwedi mamiliyoni atope. Koma bcrypt imawerenga mabaiti 72 oyambirira okha, otsalawo siiwaona. Chilembo wamba ndi baiti imodzi, ŵ wa m'mawu oti Malaŵi ndi mabaiti awiri, ndipo tinkhope toseka tija timadya anayi kapena kuposa. Mu 2024 kampani ya ku America ya Okta inalengeza vuto lochokera pa malire omwewa: inkalumikiza dzina la munthu ndi pasiwedi n'kuzidinda pamodzi, ndiye dzina likatalika kufika zilembo 52, nthawi zina pasiwedi inkagwera kunja kwa malire osawerengedwa.

Kwa ambirife vuto ndi la mbali inayo, kufupikitsa. Pa ntchito yanga ndimaona anthu akusankha chaka chobadwa ngati nambala yachinsinsi. Manambala anayi ali ndi njira 10,000 zokha. Ngakhale muwadinde ndi chidindo cha zizindikiro 128, wakuba amene wapeza chidindocho angodinda manambala onse 10,000 n'kuona chofanana. Kutalika kwa chotuluka sikulimbitsa chinthu chofooka chimene mwalowetsa. Pomwe akulolani kulemba pasiwedi yaitali, sankhani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, oti inu nokha muwakumbukire.

Mukafuna kuyesa

Pa foni ya Android, sakani mawu oti hash checker pa Play Store, musankhe apu yogwira ntchito popanda intaneti, ndipo musankhe SHA-256, osati MD5 kapena SHA-1. Pa kompyuta ya Windows simufunika kuika chilichonse: tsegulani PowerShell, lembani Get-FileHash kenako dzina la fayilo, ndipo ikupatsani SHA-256. Zilembo zikatuluka zazikulu musadabwe, A ndi a n'chimodzimodzi pamenepa. Fayilo ya chinsinsi musaikweze pa webusaiti yosadziwika pofuna chidindo, chifukwa mwaipereka kwa eni webusaitiyo.

Dindani fayilo yoyambirira, yosadula, tsiku lomwelo. Tumizani chidindocho kwa onse okhudzidwa, makamaka amene mukuganiza kuti mawa angadzakayike. Sungani fayiloyo malo awiri. Zimagwira pa kanema wa kugawa malo, chithunzi cha kalata ya ngongole, kaundula wa banki m'khonde, ngakhale nyimbo yanu musanaipereke ku studio.

Ine pano kumapeto kwa kaundula wanga wa ndalama kuli tsamba la mizere ya zizindikiro 64, uliwonse ndi tsiku lake. Sabata yatha amalume aang'ono analemba pagulu za msonkhano wa mu December. Anati msuweni asaiwale kutchaja foni, ajambule zonse osadula, ndipo tisanabalalike kwa anyakwawa atumize “nambala ija ya foni yogwera m'madzi”.